Kusiyira mpingo, sukulu kapena ana amasiye gawo la chuma chanu: mmene mungalembere wilo kuti zidzachitikedi

Funso ili ndimalimva pamaliro, potuluka m'tchalitchi, ngakhale pamzere wa kubanki pa Kasungu boma: "Ndikadzamwalira ndikufuna kangachepe kadzapite kumpingo kwathu, kapena kadzathandize ana ovutika kusukulu. Nditani kuti abale asadzakanize?" Ofunsa ambiri si mpondamatiki ayi. Ndi aphunzitsi opuma ntchito, alimi a fodya a ku Chamama ndi ku Santhe, amayi a golosale ndi chigayo. Ndalemba yankho lonse pano kuti wofuna aziwerenga yekha modekha, ndiponso awerengere makolo ake amene maso anayamba kuvuta.

Tiyambe ndi chimene anthu ambiri sachidziwa. Nkhani za katundu wa munthu womwalira zimayendera lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwe maloya amalitchula mwachidule kuti Deceased Estates Act, ndipo linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967. Mukamwalira osalemba wilo, lamuloli limagawa chuma chanu kwa mkazi kapena mwamuna wanu, ana anu, ndi anthu amene ankadalira inu pa moyo wawo. Mpingo mulibemo. Mzikiti mulibemo. Sukulu, chipatala, gulu losamalira ana amasiye, zonsezi mulibemo, ngakhale munakhala mkulu wa mpingo zaka 40.

Mawu apakamwa sathandiza. Tsiku logawa katundu, abale atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, mkulu wa mpingo amaimirira chipewa chili m'manja n'kunena kuti, "Pepani eni maliro, malemuwa anandiuza kuti ng'ombe ziwiri zidzapite kukathandiza denga la tchalitchi." Pamakhala kaye zii. Kenaka atsibweni amayankha mwaulemu ndithu kuti, "Zikomo, koma ife sitinamve nawo." Mkulu uja amakhala pansi, nkhani yathera pomwepo. Sikuti atsibweniwo ndi oipa mtima. Alibe chogwira, ndipo kutsogolo kwawo kuli ana ofuna fizi.

Tsono ngati mukufunadi kuti mphatso yanu idzafike, njira yake ndi iyi.

1. Lembani zonse zimene muli nazo, kenaka mupatule zimene si zanu nokha

Tengani kope. Lembani nyumba, mapuloti, minda, ng'ombe, ngolo, chigayo, galimoto, njinga yamoto, ndalama za kubanki, za ku SACCO, masheya a banki mkhonde, ndi ndalama zimene anthu anakukongolani. Tsamba lina mulembe ngongole zanu: ya kubanki, ya fetereza kukampani ya fodya, malipiro a matenanti amene sanaperekedwe. Ngongole ndi zowonongera pamaliro zimayamba kulipidwa wina aliyense asanalandire kanthu, ndipo chuma chikakhala chachikulu pamakhalanso msonkho wa boma. Wilo imagawa zotsala.

Tsopano bwererani pa tsamba loyamba lija ndi cholembera, muchonge zimene simungazipereke.

Munda wa makolo. Malo amene munagawiridwa ndi amfumu kapena amene mbumba yanu yakhala ikulima kuyambira kale si anu oti n'kulemba kuti "ndapereka ku mpingo." Kuno kwa Achewa, bambo amene ali pa chikamwini amalima munda wa kuchikazi, ndipo mayi amene anatengedwa chitengwa amalima wa kuchimuna. Kumpoto kwa boma lino, cha kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, mabanja ambiri amatsata kuchimuna, ndiye mwini mawu pa malo amakhala winanso. Kulikonseko, mukalemba malo otere mu wilo mwangosiyira mpingo mlandu wa kwa amfumu. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo otere m'kaundula, koma ngati anu simunalembetse m'dzina lanu, asiyeni kunja kwa mphatsoyi. Ngakhale munalembetsa, kafunseni kaye kuofesi ya za malo ngati malowo angapite kwa bungwe.

Esiteti ya lizi. Kasungu ali ndi maesiteti ambiri, ndipo ena mwa iwo mapepala ake akadali m'dzina la bambo kapena agogo amene anamwalira kalekale, ena lizi yake inatha osaikonzanso, ena ali ndi ngongole ya msonkho wa malo. Tulutsani pepalalo m'sutikesi muliwerenge. Ngati dzina lili pamenepo si lanu, yambani mwakonza zimenezo.

Katundu wa m'banja. Nyumba imene munamanga ndi akazi anu, iwo akuumba njerwa ndi kugulitsa mtedza kuti mugule malata, si yanu nokha. Mungapereke gawo lanu lokha. Ziwiya ndi katundu wa m'nyumba musazikhudze n'komwe.

Penshoni. Ndalama za penshoni za munthu womwalira zimatsata fomu imene munalemba kuntchito yotchula odzalandira, ndipo fomuyo ndi ya mkazi kapena mwamuna, ana ndi abale apafupi. Sizidutsa mu wilo. Aphunzitsi ndi ena apantchito amene mumaganiza kuti mphatso yanu idzachokera ku penshoni, pezani gwero lina.

Zimene zatsala osachongedwa, zimenezo ndiye zanu zoti mungagawe.

2. Banja lanu likwane kaye

Lamulo limakulolani kupereka katundu wanu kwa amene mukufuna, koma silikulolani kusiya mkazi, mwamuna kapena ana pa umphawi. Wina wa iwo akaona kuti wilo yamumana, akhoza kukadandaula kukhoti, ndipo khoti lili ndi mphamvu yomupatsa gawo loyenera kuchokera m'chumacho. Chimene chidzachepetsedwe pamenepo ndi mphatso yanu yomweyo. Powerenga ana, werengani onse: a kunyumba yaikulu, a kunyumba yaing'ono, ndi amene munaberekera kunja. Lamulo limawaona onse ngati ana anu, ngakhale abale ena sakuwadziwa.

Kwa ine nkhaniyi si ya lamulo lokha. Mphatso imene ichotse mwana wanu pasukulu kuti tchalitchi ikhale ndi mabenchi atsopano si yoti munthu wopemphera aipereke, ndipo abusa oona mtima sangaikondwerere. Werengetsani: nyumba ya wotsala ilipo? Ana ang'ono adzamaliza sukulu ndi chiyani? Amayi anu okalamba adzadya chiyani? Zimenezi zikakwana, onani chotsala. Abale athu achisilamu ali kale ndi muyeso pa nkhaniyi, woti chopereka kwa anthu amene si olowa m'chuma chisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu. Ena ambiri amasankha chakhumi chifukwa ndi chimene anazolowera. Chingakhale chochepa kuposa pamenepo, palibe cholakwika.

3. Pezani dzina lenileni la wolandira

Apa ndi pamene mphatso zambiri zimasochera. Munthu amalemba kuti "ndapereka ku CCAP." CCAP yake iti? Kuno ku Kasungu kuli mipingo ya pansi pa Sinodi ya Nkhoma ndi ina ya pansi pa Sinodi ya Livingstonia, nthawi zina m'dera limodzi. Mukutanthauza sinodi yonse, mpingo wanu, kapena nyumba ya mapemphero ya m'mudzi mwanu imene ili pansi pa mpingowo? Akatolika chimodzimodzi: parishi ya pa boma ili mu Arkidayosizi ya Lilongwe pamene ya Nkhamenya ili mu Dayosizi ya Mzuzu, ndipo parishi iliyonse ili ndi matchalitchi ang'onoang'ono ndi miphakati. Wina amalemba kuti "ku Chilanga," osanena ngati ndi mpingo, sekondale, kapena sukulu ya ana osaona. Wina amalemba "kwa ana amasiye" basi. Ana amasiye ake ati? Woyendetsa chuma chanu adzaima pati?

Pitani nokha kwa amene mukufuna kuwapatsa. Funsani mlembi wa mpingo, bambo mfumu, shehe kapena mphunzitsi wamkulu mafunso awa: dzina lanu lolembetsedwa kuboma ndi liti? Muli ndi akaunti ya kubanki m'dzina la bungwe? Amasainira ndani? Mipingo yambiri inalembetsedwa kwa Registrar General kudzera mwa matrasiti, kutanthauza anthu osankhidwa kusunga katundu wa mpingo m'malo mwa onse, ndipo dzina lake lapamalamulo limayamba ndi mawu akuti Registered Trustees. Kawirikawiri mpingo wa pamudzi ulibe dzina lotere pawokha, umagwiritsa ntchito la sinodi kapena dayosizi. Zikatero mumalemba dzina la likululo, n'kuonjezera kuti mphatsoyo ndi yogwirira ntchito pa mpingo wakutiwakuti, m'mudzi wakuti, kwa mfumu yaikulu yakuti.

Ngati ndi bungwe lomwe si la boma, funsani satifiketi yake ya ku NGORA, ofesi imene imalembetsa ndi kuyang'anira mabungwe otere. Ngati ndi gulu la m'mudzi, monga losamalira ana amasiye kapena sukulu ya mkombaphala, kafunseni kuofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma ngati akulidziwa. Gulu limene ndalama zake zimasungidwa pa foni ya wapampando musalilembe mu wilo. Ndipo musalembe dzina la munthu m'malo mwa bungwe. Mukalemba kuti "ndapereka kwa abusa akutiakuti," ndalamazo ndi za abusawo, adzapita nazo akadzasamutsidwa, ndipo palibe adzawaletse.

4. Sankhani mtundu wa mphatso

Mungapereke m'njira zitatu: ndalama yotchula, chinthu chotchula, kapena gawo la zotsala.

Ndalama yotchula ndi yosavuta kumva koma imadyeka ndi nthawi. Taganizani munthu amene analemba mu 2021 kuti K2,000,000 idzapite kukafolera tchalitchi. M'mwezi wa Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Malata amene ndalama ija ikanagula tsiku lolemba, lero singawagule. Vuto lina ndi la mbali inayo: mukadwala nthawi yaitali chuma n'kuthera kuchipatala, K2,000,000 ija ikhoza kudzakhala theka la zonse zotsala, ana n'kugawana nyenyeswa.

Chinthu chotchula, monga ng'ombe, chigayo kapena nyumba ya lendi, chili ndi msampha wake. Mukadzachigulitsa muli moyo, kapena ng'ombezo zikadzafa kapena kubedwa, mphatso yatha, wolandira sapeza china m'malo mwake. Komanso funsani ngati akuchifuna. Chigayo chimafuna munthu woyendetsa, magetsi kapena dizilo, ndi wokonza chikawonongeka. Mpingo wosakonzeka ukalandira chigayo, pakatha chaka komiti imakhala itagawikana.

Ine ndimalimbikitsa gawo la zotsala. Mumalemba kuti ngongole zikalipidwa, nyumba ndi zina zotchulidwa zikaperekedwa kwa eni ake, magawo 10 pa 100 alionse a zotsalazo apite kwakutikwakuti. Zikatsala K10,000,000, mphatso ndi K1,000,000. Zikatsala K800,000, mphatso ndi K80,000. Imakula ndi kuchepa limodzi ndi za ana anu, ndipo palibe angadandaule kuti mpingo wadya zambiri kuposa mmene munkafunira.

Musanapitirire, dzifunseni ngati zina simungazipereke panopa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ngati cholinga ndi madesiki 30 pasukulu ya pulayimale ya kwanu ndipo fodya wagulidwa bwino ku Chinkhoma chaka chino, kapangitseni madesikiwo kwa kalipentala, muwaone ana atakhalapo. Mu wilo musiye zimene simungathe kuzitulutsa muli moyo.

5. Nenani ntchito yake, koma musamange mfundo yosamasuka

Ndi bwino kunena chimene mphatso idzagwire. Koma mukalemba kuti "yomangira mpanda wa sukulu basi," n'kupezeka kuti podzafika nthawiyo mpanda unamangidwa kale, olandira adzasowa chochita nayo. Siyani khomo. Siyaninso wolandira wachiwiri, chifukwa mabungwe amatha ndipo mipingo imagawikana. Mawu ake angakhale motere:

"Ngongole zanga ndi zowonongera pamaliro anga zikalipidwa, ndipo mphatso zatchulidwa pamwambazi zikaperekedwa, ndikupereka magawo 10 pa 100 alionse a chuma changa chotsala kwa matrasiti a mpingo wakutiwakuti, kuti zithandize ana osowa a mpingo wa pamalo akuti pa zofunika za sukulu. Ngati ntchito imeneyi sidzatheka, azidzagwiritsa ntchito pa china chothandiza ana osowa a dera lomwelo. Ngati mpingowu sudzakhalapo pa nthawi ya imfa yanga, mphatsoyi idzapite kwakutikwakuti. Lisiti losainidwa ndi msungichuma wa mpingo lidzakhala umboni wokwanira kuti mphatso yaperekedwa."

Ena amafuna thumba la maphunziro la dzina lawo, loti lizidzalipirira ana chaka ndi chaka. Ndi maganizo abwino, koma thumba lotere limafuna matrasiti akeake, malamulo osankhira ana, ndi ndalama zambiri zoti zizibereka. Ngati chuma chanu ndi chapakatikati, perekani kwa amene akuchita kale ntchitoyo. Ngati ndi chachikulu ndipo mwatsimikiza, pamenepo pokha musayese nokha, pitani kwa loya.

6. Khalani pansi ndi abale anu muli moyo

Ili ndiye gawo limene anthu amalidumpha, ndipo ndi limene limapha kapena kupulumutsa mphatso. Lamulo silikukakamizani kuuza aliyense. Wilo yolembedwa bwino ndi yamphamvu ngakhale abale asanaimvepo. Koma pepala limakhala kutali, m'kabati ya ofesi, pamene ng'ombe zili m'khola la pamudzi ndipo makiyi a golosale ali m'thumba la munthu. Abale akadzamva koyamba za mphatsoyi inu mutagona kale kumanda, adzati wilo ndi yabodza, kapena adzati abusa anakunyengererani mukudwala. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kupita nawo kundende, zimenezo n'zoona. Koma ndi mpingo uti umene udzatengere ana a mkhristu wake kupolisi chifukwa cha ng'ombe ziwiri? Ambiri amangosiya, n'kunena kuti Mulungu ndiye adziwa.

Ndikudziwa chimene chimavuta. Kwathu kuno munthu akayamba kukamba za imfa yake amamudula mawu: "Aaa, musatero bambo, mukudziitanira tsoka." Ena amaopa kuti akaulula zimene ali nazo, adzutsa nsanje pakati pa ana, kapena adziika pangozi. Manthawa si opanda pake. Ndiye pochita zimenezi pamafunika dongosolo.

Yambani ndi akunyumba kwanu, awiriwiri, ana kulibe. Musabwere ndi chigamulo, bwerani ndi funso. "Mayi, ndakhala ndikuganiza za sukulu ija inandiphunzitsa ine bambo anga atamwalira. Ndikufuna tidzaikumbukire ndi kangachepe. Inu mukuona bwanji?" Mkazi kapena mwamuna wanu ndi amene adzakhale pamphasa tsiku lija. Akadzangonena kuti "inde, tinakambirana, ndi mmene ankafunira," theka la mkangano latha. Akakana, mverani chifukwa chake. Mwina akudziwa ngongole imene inu mwaiwala, mwina akuopa kudzathamangitsidwa panyumba. Konzani mantha akewo mu wilo momwemo, mulembe momveka kuti nyumba ndi yake, kenaka mubwererenso ku nkhani ya mphatso. Ngati muli pamitala, nyumba iliyonse imve kuchokera pakamwa panu. Imene idzamve kwa mnzake ndi imene idzatsutse.

Kenaka ana akuluakulu. Nthawi yabwino ndi pamene abwera okha kudzacheza, monga pa Khirisimasi kapena mutatha kukolola, osati pamene mwagonekedwa kuchipatala. Amene ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg muimbireni foni nokha. Yambani ndi zawo: kuti mwalemba wilo, kuti aliyense mwamuganizira, kuti mayi awo sadzasunthidwa. Mphatso muitchule pambuyo, ndipo munene chifukwa chake. Simukuyenera kuwauza kuti kubanki kuli zingati. Gawo ndi chifukwa, zimenezo zakwana: "Pa zotsala, chakhumi chidzapita kukathandiza ana osowa a mpingo wathu. Zina zonse ndi zanu."

Yembekezerani mawu owawa. Wina adzati, "Ife tikuvutika, inu mukupatsa alendo?" Musapse mtima, ndipo musamuyankhe ndi vesi. Mufunseni chimene chikumuvuta. Nthawi zina amakhala akunena zoona, ndipo gawo lija liyenera kutsika kuchoka pa 10 kufika pa 5. Nthawi zina amangofuna kumva kuti simunamuiwale. Mwana amene wakwiya lero inu muli pomwepo kumuyankha, podzafika tsikulo mkwiyo udzakhala utazizira. Amene adzakwiye pamaliro sadzakhala ndi womuyankha.

Pomaliza, mwini mbumba ndi akuluakulu a kubanja kwanu, alongo anu, achimwene anu, ndi atsibweni ngati alipo. Awa ndi amene amayendetsa mwambo wa maliro ndi kumeta, ndipo ndi amene anthu amawayang'ana pogawa katundu. Ena a iwo anakulira m'nthawi imene chuma cha mwamuna chinkapita kwa ana a mlongo wake, ndipo mumtima amayembekezabe kanthu. Apatseni ulemu wawo. Pitani kwawo, osawaitanitsa. Auzeni kuti munda wa makolo simunaukhudze, zimenezo zimawakhazika mtima pansi msanga. Ngati mungathe, asiyireni kanthu kotchula dzina mu wilo, kaya njinga, kaya mbuzi, kaya suti. Munthu amene dzina lake lili m'pepala sathamangira kunena kuti pepalalo ndi labodza. Ngati mphatso ikukhudza nyumba kapena chinthu chili pamudzi, anyakwawa amvenso.

Pa zokambirana zonsezi, abusa, shehe kapena wapampando wa bungwe lolandira asakhalepo. Akakhalapo, abale adzangoti ndi iwo anakonza.

Mukamaliza, lembani kalata yaifupi ndi dzanja lanu, yofotokoza chifukwa chimene mwaperekera mphatsoyi ndi anthu amene munawauza. Kalatayi si wilo ndipo isagawe katundu. Muiike pamodzi ndi wilo. Ana akadzaona zilembo za bambo awo kapena mayi awo, ndi mawu amene ankayankhula, sizidzakhala zophweka kunena kuti munthu wina anawalembera.

7. Sankhani woyendetsa chuma

Uyu ndi munthu amene mumamutchula mu wilo kuti adzasonkhanitse katundu, alipire ngongole, ndi kupereka kwa aliyense gawo lake. Ndiye adzatengere wilo kukhoti kuti apatsidwe chikalata chomuloleza kugwira ntchitoyi, chimene mabanki amafuna asanatulutse ndalama. Kwa ife a chigawo chapakati, nthambi ya khoti lalikulu ili ku Lilongwe. Sankhani anthu awiri, ocheperapo msinkhu kwa inu, odziwa kulemba ndi kusunga malisiti, osaopa kunena kuti ayi kwa akuluakulu. Mmodzi akhale wa m'banja, wina wakunja. Asakhale msungichuma kapena mtsogoleri wa bungwe lolandira. Apempheni kaye, musangowalemba. Ngati palibe amene mukumukhulupirira, loya kapena ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha anthu omwalira, ya Administrator General, angagwire ntchitoyi, koma dziwani kuti pamakhala malipiro ochotsedwa m'chumacho.

8. Sainani motsata lamulo

Wolemba wilo akhale wa zaka 18 kapena kuposa, wa mutu wabwinobwino. Wilo ikhale yolembedwa, ndipo m'Chichewa ndi yololedwa. Musaine pamaso pa mboni ziwiri zimene zili pamalopo nthawi imodzi, ndipo nazonso zisaine inu mukuona. Cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri ndi ichi: munthu amasaina yekha kunyumba, m'mawa n'kupita nayo kwa aphunzitsi kuti asaine, madzulo kwa a sitolo. Wilo yotero ikhoza kukanidwa yonse, mphatso ndi zina zonse.

Mboni zisakhale anthu olandira kanthu mu wilo, kapena akazi ndi amuna awo. Pa nkhani yathu ino, zisakhalenso abusa, akulu a mpingo kapena a komiti ya bungwe lolandira. Pezani anthu apadera, monga mnansi wa mpingo wina kapena mnzanu wa kuntchito. Alembe maina onse, kumene amakhala, ndi manambala a zitupa zawo za unzika kuti adzapezeke. Mboni sizifunika kuwerenga zimene mwalemba, zimangochitira umboni kuti mwasaina ndinu. Ikani deti, ndipo sainani tsamba lililonse.

Ngati simutha kulemba, mukhoza kudinda chala, koma wina akuwerengereni wilo yonse mokweza pamaso pa mbonizo, ndipo zilembedwe pansi pake kuti yawerengedwa ndipo mwavomereza. Ngati mwakalamba kwambiri kapena mukudwala, pemphani dokotala akuoneni tsiku lomwelo ndi kulemba kuti mutu wanu ukugwira. Wilo imene munthu analemba mokakamizidwa kapena monyengereredwa khoti likhoza kuithetsa, ndipo mphatso yopita kumpingo yolembedwa pabedi la chipatala ndi imene imakayikiridwa msanga.

Wilo mukhoza kulemba nokha. Koma ngati pali esiteti, nyumba za m'tauni, mitala kapena ana a mimba zosiyana, ndalama ya loya si yotaya. Amene simungakwanitse, kafunseni thandizo ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa zamalamulo anthu osatha kulipira loya.

9. Isungeni poti idzapezeka

Pansi pa matiresi ayi. Woyamba kulowa m'chipinda ndi amene adzaipeze, ndipo ikapanda kumukomera simudzamvanso za iyo. Wilo yeniyeni, yosainidwa ija, kaisungitseni kwa DC, kukhoti lalikulu, kubanki kapena kwa loya, mu envelopu yomata, ndipo mutenge kapepala kosonyeza kuti alandira. Woyendetsa chuma ndi akunyumba kwanu adziwe kumene ili. Olandira mphatso alembereni kalata yaifupi yongowadziwitsa kuti mwawatchula mu wilo ndi dzina la woyendetsa chuma, osatchula kuchuluka kwake. Kalatayo ipite kwa mlembi kuti ilowe m'faelo, chifukwa abusa amene alipo lero adzakhala atasamuka.

10. Ionaninso zinthu zikasintha

Mukakwatira kapena kukwatiwanso, banja likatha, mwana akabadwa, woyendetsa chuma akamwalira, mukagulitsa chinthu chimene munatchula, mukasintha mpingo, kapena bungwe lija likayamba kumveka mbiri zoipa, katengeni wilo muiwerengenso. Ukwati watsopano makamaka umasintha zambiri pa wilo yakale, choncho musazengereze. Musafufute kapena kulemba m'mphepete mwa pepala. Lembani yatsopano, yoyamba ndi mawu akuti mukuthetsa mawilo onse akale, musaine ndi mboni ziwiri monga poyamba, yakaleyo muiwotche pamodzi ndi makope ake. Ngati gawo la mphatso lasintha, bwererani kwa anthu aja munakhala nawo pansi, kuyambira akunyumba kwanu, muwauze gawo latsopanolo.